Fumbi la Mabuleki: Amakaniko a ku Kadoma ndi Chegutu

Msewu waukulu wochokera ku Harare kupita ku Bulawayo umadutsa pakati pa tauni ya Chegutu, ndipo ukayenda makilomita ena osakwana 40 umalowa mu Kadoma. Msewu umenewu sugona. Mumadutsa malole onyamula thonje, feteleza, mafuta ndi zitsulo za kumigodi, mabasi a maulendo ataliatali, makombi, komanso tima Honda Fit todzaza anthu mpaka kubuti. Galimoto zonsezi zimaima chifukwa cha kachidutswa kolimba kamene kamakhulana ndi chitsulo dalaivala akaponda buleki. Kachidutswako kamapereseka pang'onopang'ono n'kusanduka fumbi lakuda, ndipo pali munthu amene tsiku ndi tsiku amamasula teyala n'kulowetsa nkhope yake pamene pali fumbilo.

Matauni awiriwa si achilendo kwa ife olankhula Chichewa. Mpaka mu 1982 ankatchedwa Hartley ndi Gatooma, maina amene achikulire ambiri akumudzi amawatchulabe akamakamba za achibale amene anatchona ku Halale. Anthu athu anapita kumeneko ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya golide monga Cam and Motor ku Eiffel Flats ndi Dalny ku Chakari. Zidzukulu zawo zilipobe. Gule wamkulu amavinidwa m'makomboni a migodi, ndipo malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka. Migodi ina itatsekedwa, fakitale ya nsalu ya David Whitehead nayo itafooka, ntchito zolembedwa zinasowa. Anyamata ena analowa m'maenje a golide, ena anatola sipanala. Ukayenda mu Rimuka ku Kadoma kapena mu Pfupajena ku Chegutu, magalaja ambiri amene uwaone ndi a pansi pa mtengo kapena kuseri kwa nyumba: jeke, bokosi la zitsulo, ndi miyala yotchingira mateyala.

Mwala wokhala ndi ulusi

Asibesitosi ndi mwala wokumbidwa pansi, koma ukauswa umatuluka ulusi wofewa umene ungathe kulukidwa. Ulusiwo supsa, suwola, ndipo sugonja msanga ku kutentha. Ulipo wabuluu ndi wofiirira, umene unkakumbidwa kwambiri ku South Africa, ndiponso woyera, umene akatswiri amautcha chrysotile. Woyerayu ndi amene Zimbabwe inadziwika naye. Migodi ya Shabanie ku Zvishavane ndi Gaths ku Mashava inaika dzikoli m'gulu la maiko otsogola pa malonda a mwalawu padziko lonse.

Buleki imagwira ntchito posandutsa liwiro kukhala kutentha. Ngolo zakale zinkaimitsidwa ndi thabwa kapena chikopa, koma galimoto zitayamba kuthamanga, zinthu zimenezi zinkapsa. Mngelezi wina, Herbert Frood, amene anayambitsa kampani ya Ferodo, anayamba kuika asibesitosi m'mabuleki mu 1908, ndipo njirayi inafala padziko lonse. Kwa zaka zambiri, pa zosakaniza za ma lining a mabuleki, gawo limodzi mwa atatu kapena kuposa theka linkakhala asibesitosi woyera. Ankamuikanso m'mapuleti a kilatchi ndi m'magasiketi a injini ndi a ekizozi.

M'zaka za m'ma 1920 Ferodo inalowa m'manja mwa kampani ya Turner & Newall ya ku England, ndipo kampani yomweyo ndi imene inadzakhala mwini wa migodi ya ku Shabani ndi Mashaba, monga ankatchulira malowa nthawi imeneyo. Choncho mwala umene agogo ena ankakumba ndi kupeta m'zigayo za ku Shabani unkakwera sitima kupita kutsidya la nyanja, ndipo wina unkabwerera uli m'mabuleki a Peugeot 404, Land Rover ndi mabasi.

Eni kampaniyo sanali mumdima. Mayi wina dzina lake Nellie Kershaw, yemwe ankapota ulusi wa asibesitosi pa fakitale ya kampaniyo ya Turner Brothers ku Rochdale, anamwalira mu 1924 mapapo ake atauma, ndipo imfa yake inalembedwa m'magazini ya madokotala. Mu 1955 Richard Doll anaonetsa kuti ogwira ntchito pa fakitale yomweyo ankafa ndi khansa ya m'mapapo mochuluka kuposa anthu ena. Mu 1960 dokotala J.C. Wagner ndi anzake ku South Africa anafalitsa nkhani ya odwala 33 a khansa yosowa yotchedwa mesothelioma, ndipo pafupifupi onsewo anali atakhudzanapo ndi asibesitosi. Ena mwa iwo sanagwirepo n'komwe ntchito mumgodi, ankangokhala pafupi.

Mmene fumbi limalowera

Tiyang'anitsitse ntchitoyo. Kombi yabwera, mwini wake akudandaula kuti mabuleki akumbuyo akulira. Makaniko amakweza galimoto pa jeke, kumasula teyala, kenako kumenya dilamu ndi hamala kuti ilekane ndi habu. Dilamu ikachoka, m'kati mwake mumakhala fumbi la miyezi yambiri, lakuda ngati mwaye. Amene ali ndi kompuresa amalozetsa payipi ya mpweya, fumbi lija n'kuti kobo, kudzaza malo onse. Amene alibe amawerama n'kuuzira ndi pakamwa, kapena kukuntha ndi chisanza chouma. Akatero amatenga sandipepala kupala ma brake shoe kuti achotse kunyezimira. Amene amapatsidwa ntchito imeneyi kawirikawiri ndi mnyamata wophunzira, uja amamutcha spanner boy, chifukwa ndi ntchito yauve yosafuna luso.

Pa malole ndi mabasi pali ntchito ina yoopsa kuposa pamenepa. Ma brake shoe a galimoto zazikulu satayidwa. Amachotsa marivet, kumatula lining yakutha, kuikapo yatsopano, kuboola ndi drill, kenako kuipala ndi grinder kuti ikhale bwino mu dilamu. Fumbi la m'dilamu limakhala litapsa kale, ndipo kutentha kwa buleki kumasintha gawo lalikulu la asibesitosi kukhala chinthu china chopanda ulusi, ngakhale kuti wina amatsalabe. Koma lining yatsopano ikamabooledwa ndi kupalidwa, ulusi umatuluka wamoyo, wosapsa. N'chimodzimodzi popala gasiketi yakale yomatirira pa injini ndi bulashi ya waya.

Ofufuza a ku Mount Sinai ku New York anayeza mpweya wa m'magalaja m'zaka za m'ma 1970, ndipo anapeza ulusi wochuluka pamene makaniko akuuzira dilamu ndi kompuresa. Anaupezanso patali ndithu ndi galimotoyo, pamene pankagwira ntchito anthu ena osakhudzidwa ndi mabulekiwo. Pa galaja ya ku Rimuka anthu enawo ndi mwini galimoto amene wakhala pa teyala kudikira, mayi wogulitsa nsima ndi nyama pafupi, ndi ana obwera kudzapereka chakudya.

Ulusi umene umapha suoneka ndi maso. Ndi woonda kuposa tsitsi kambirimbiri, ulibe fungo, ndipo umayandama mumpweya kwa maola. Chitedze n'chabwinoko, chifukwa chimayabwa pomwepo ndipo munthu amathawa. Asibesitosi amalowa mwakachetechete mpaka pansi pa mapapo, thupi n'kulephera kumusungunula kapena kumutulutsa yense. Munthu amapitiriza ntchito ali bwinobwino, amakwatira, amalera ana, ndipo matenda amadzaonekera patapita zaka 20, 30 kapena 40.

Matendawo ndi atatu makamaka. Asbestosis ndi zipsera za m'mapapo: mapapo amauma, munthu amachita befu pokwera kachitunda kakang'ono, ndipo amatsokomola chouma chosatha. Yachiwiri ndi khansa ya m'mapapo, imene imawirikiza kwambiri ngati munthuyo amasutanso fodya. Yachitatu ndi mesothelioma, khansa ya kachikopa kopyapyala kokuta mapapo kapena matumbo. Imeneyi imadzaza madzi m'chifuwa, imapweteka koopsa, ndipo ambiri sapyola chaka chimodzi kapena ziwiri ikapezeka. Sifuna fumbi lambiri. Akazi ochapa maovolosi a amuna awo afa nayo m'maiko osiyanasiyana chifukwa chongokutumula zovala asanaziviike.

Kudera ngati la Kadoma zizindikiro zimenezi n'zosavuta kuzisokoneza ndi zina. Munthu wa zaka 55 akafika kuchipatala akutsokomola, akuonda, akubanika, aliyense amaganiza za chifuwa chachikulu, ndipo nthawi zambiri amalondola. Ndi dera la migodi ya golide, kumene fumbi la miyala limabweretsa matenda a silicosis, ndiponso dera la thonje, limene nalo fumbi lake limavutitsa chifuwa. Makaniko wa lero mwina anayamba wagwirapo mumgodi kapena m'fakitale ya nsalu. Akamwa mankhwala a TB miyezi isanu ndi umodzi osachira, achibale amayamba kuyang'ana kumbali, ena n'kumati anamulodza anzake a pagalaja chifukwa cha makasitomala. Za mabuleki a zaka 30 zapitazo palibe amene amafunsa.

Pali chikhulupiriro chofala pakati pa amakaniko, owotcherera zitsulo ndi opopera penti chakuti mkaka umatsuka m'chifuwa. Ena amagula paketi ya mkaka madzulo aliwonse mokhulupirika. Mkaka ndi chakudya chabwino, koma umapita m'mimba pamene fumbi lapita m'mapapo.

Mkangano wa asibesitosi woyera

Boma la Zimbabwe lakhala likunena kuti asibesitosi woyera ndi wosiyana ndi wabuluu, ndipo ndi wotetezeka akamagwiritsidwa ntchito mosamala. Pa misonkhano ya pangano la Rotterdam, lomwe limafuna kuti dziko logula mankhwala oopsa lizidziwitsidwa n'kuvomereza katunduyo asanatumizidwe, Zimbabwe yaima kangapo pamodzi ndi Russia, Kazakhstan ndi India kukana kuti chrysotile alowe pa mndandandawo. Chifukwa chake n'chomveka. Zvishavane ndi Mashava ndi matauni amene anakula ndi mwalawu, ndipo nyumba zambiri za m'makomboni a dziko lonse, kuphatikizapo Rimuka ndi Pfupajena, zinafoleredwa ndi malata a simenti yosakaniza ndi asibesitosi. Migodiyo, imene Mutumwa Mawere anaigula kwa Turner & Newall mu 1996 ndipo boma linailanda mu 2004, inadzaima, anthu masauzande n'kutsala manja ali m'khosi. Amene akufuna kuti itsegulidwenso akuganiza za njala, ndipo njala si nkhani yoseketsa.

N'zoona kuti wabuluu ndi woopsa kuposa woyera pa nkhani ya mesothelioma. N'zoonanso kuti akatswiri akhala akukangana ngati amakaniko amadwala khansayi kuposa anthu ena. Kafukufuku wina amene anati ayi analipiridwa ndi makampani opanga galimoto pa nthawi imene ankazengedwa milandu. Koma bungwe la IARC, nthambi ya World Health Organization yoona za khansa, linagamula kuti mitundu yonse ya asibesitosi imayambitsa khansa, ndipo palibe mlingo umene wapezeka kuti ndi wosavulaza. WHO imati anthu oposa 200,000 amafa chaka chilichonse chifukwa chopuma fumbili kuntchito. Ku Zimbabwe komweko, ofufuza Mark Cullen ndi Rabelan Baloyi anafalitsa kafukufuku mu 1991 woonetsa asbestosis ndi mesothelioma pakati pa ogwira ntchito m'migodi ndi m'zigayo za asibesitosi woyera.

Mawu akuti "mosamala" angakhale ndi tanthauzo m'fakitale yokhala ndi makina okoka fumbi, oyeza mpweya ndi dokotala wa kampani. Pansi pa mtengo ku Pfupajena alibe tanthauzo lililonse, chifukwa palibe woyang'anira, palibe choyezera, ndipo bokosi la mapadi silinena zimene zili m'kati.

Britain inaletsa asibesitosi woyera mu 1999, maiko a European Union mu 2005, South Africa mu 2008, Mozambique mu 2010, ndipo America inalengeza chiletso chake mu Malichi 2024. Japan, kumene kumachokera galimoto zambiri zoyenda m'misewu yathu, inaletsa asibesitosi m'mabuleki mu 2004. Choncho Honda Fit ikamatsika pa doko nthawi zambiri imakhala ilibe vutoli. Vuto limabwera pa kusintha koyamba, mwini galimoto akasankha mapadi otsika mtengo opanda dzina lodziwika, chifukwa maiko ena opanga zipangizozi sanaletse mwalawu. Ngakhale dziko lokhwimitsa malamulo ngati Australia linadzidzimuka mu 2012 litapeza asibesitosi m'magasiketi a galimoto zatsopano zoposa 20,000 za Great Wall ndi Chery. Ndi maso okha, palibe makaniko amene angasiyanitse padi yokhala ndi asibesitosi ndi yopanda.

Nanga chipukuta misozi?

Ku America milandu ya asibesitosi ndi yambirimbiri, ndipo amakaniko apambanapo ndalama zochuluka kuchokera kwa opanga mabuleki ndi galimoto. Milanduyo inagwetsa makampani akuluakulu. Johns-Manville inathawira kukhoti mu 1982 kuti itetezedwe kwa oisumira, ndipo Federal-Mogul, imene inagula Turner & Newall mu 1998, inachita chimodzimodzi mu 2001. Nkhani zimenezi zikamamveka, munthu angaganize kuti aliyense wodwala angolemba kalata ndalama n'kubwera.

Kuno kummwera kwa Africa chitsanzo chachikulu ndi mlandu wa anthu a ku South Africa amene anasumira kampani ya Cape plc ku London. Khoti lalikulu la House of Lords linavomereza mu 2000 kuti mlanduwo uzengedwe ku England, ndipo mu 2003 anthu pafupifupi 7,500 anagawana mapaundi 7.5 miliyoni ochokera ku Cape. Mukawerengera, ndi mapaundi 1,000 pa munthu, ndipo ena anamwalira mlandu uli m'kati. Chaka chomwecho kampani ya Gencor inavomera kulipira ndalama zoposa R400 miliyoni, zimene zinayambitsa thumba la Asbestos Relief Trust. Amene anathandizidwa anali a m'migodi ndi okhala pafupi nayo, anthu amene ankatha kuloza kampani imodzi n'kunena kuti fumbi langa linachokera apa.

Makaniko sangathe kuloza choncho. Pa zaka 30 wagwira mapadi, makilatchi ndi magasiketi a makampani osawerengeka, ambiri ogulidwa ndi mwini galimoto pa shopu ya zipangizo, mabokosi ake anatayidwa tsiku lomwelo. Khoti limafuna umboni wa zinthu zitatu: kuti matendawo ndi a asibesitosi, kuti fumbilo linachokera ku katundu wa uje kapena kuntchito kwa uje, ndiponso kuti ujeyo analephera kuchenjeza kapena kuteteza. Choyamba chokha chimafuna kujambula m'chifuwa, nthawi zina kudula kanyama kukayeza, ndipo zimenezi zimachitika m'zipatala zazikulu za ku Harare ndi Bulawayo.

Malamulo alipo. Gawo 65 la malamulo aakulu a 2013 limapatsa aliyense ufulu wogwira ntchito motetezeka. Bungwe la National Social Security Authority, lodziwika kuti NSSA, limayendetsa thumba la chipukuta misozi cha ovulala ndi odwala chifukwa cha ntchito, motsatira lamulo la Statutory Instrument 68 la 1990. M'thumbali amasonkha ndi wolemba ntchito, osati wantchito. Palinso Pneumoconiosis Act, lamulo la matenda a fumbi, limene limafuna kuti ogwira ntchito za fumbi aziyezedwa m'chifuwa ndi kupatsidwa chikalata. Makaniko wolembedwa pa galaja ya mgodi, ya kampani ya mabasi kapena ya malole ali ndi poyambira. Koma thumba la NSSA silifikira ogwira ntchito zosalembetsedwa, ndipo kumeneko n'kumene kuli amakaniko ambiri. Spanner boy amalipidwa pamanja madzulo, alibe payslip, alibe nambala, ndipo bwana wakeyo ndi mmphawi mnzake amene akupuma fumbi lomwelo.

Amene anagwirapo m'makampani enieni nawo ali ndi phiri lawo. Matenda akamaonekera, kampani imakhala itatsekedwa kalekale kapena itasintha eni, mafaelo atasowa. Lamulo la Prescription Act limapereka zaka zitatu zokha zoyambitsira mlandu wotere, kuwerengera pamene munthu wadziwa za vutolo ndi amene analichititsa, ndiye wozengereza amaluza asanayambe. Ndipo amene anaona ndalama za penshoni zikusungunuka ndi kukwera mitengo kwa 2008 sachedwa kufunsa kuti chipepesocho chidzagula chiyani. Kwa matchona amene anabwerera ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Tete atakalamba, mtunda wokha ndi wokwanira kutseka nkhani. Anatsokomolera kumudzi, anaikidwa kumudzi, ndipo sanalowe m'kaundula aliyense wa matenda a ntchito.

Kunena mosapsatira, kwa makaniko wa ku Rimuka khoti lili kutali kwambiri, ndipo chimene chingamuthandize lero ndi madzi. Botolo lopopera lokhala ndi madzi a sopo ndi lokwanira: nyowetsani dilamu ndi zonse za m'kati musanazigwire, pukutani ndi chisanza chonyowa, chisanzacho muchimange m'pulasitiki chisanaume. Kompuresa, pakamwa ndi bulashi youma zisayandikire mabuleki kapena kilatchi. Gulani ma shoe ndi mapadi obwera okonzeka kale, olembedwa kuti alibe asibesitosi, ochokera ku kampani yodziwika. Ngati kuboola ndi kupala lining sikungapeweke, chitani panja, monyowetsa, anthu ena atatalikira. Kansalu komanga pamphuno ndi masiki a kuchipatala sizigwira ulusi umenewu, pamafunika masiki olembedwa FFP3 kapena P3 ogwira bwino nkhope. Ovolosi isalowe m'nyumba, iviikidwe payokha osaikutumula. Nsima idyedwe kutali ndi galimoto, m'manja mutasamba. Ndipo wosuta fodya adziwe kuti akuwirikiza ngozi yake.

Mapepala nawo ndi ofunika. Kalata yolembedwera ntchito, payslip, khadi la NSSA, satifiketi ya maphunziro a umakaniko, ngakhale kope wamba lolembamo malo amene munagwira, zaka zake ndi maina a anzanu amene angakuchitireni umboni, zonsezi zisungidwe ngati mmene timasungira mapepala a nyumba. Ku Malawi lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limafunanso umboni wa mtundu womwewu, ndipo amakaniko a ku Ndirande, ku Biwi kapena ku Chipata akuuzira madilamu mofanana ndi anzawo a ku Chegutu.

Ngati inu kapena bambo anu munagwira ntchito ya mabuleki ndi makilatchi m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ino ndiyo nthawi imene matendawa amaonekera. Mukayamba befu kapena chifuwa chosamva mankhwala, musadikire kuti adokotala akufunseni. Auzeni nokha ntchito imene munkagwira, zaka zingati, ndiponso kuti munkapuma fumbi la asibesitosi, ndipo pemphani kuti zimenezi zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala.